Seva Yayaka, Koma Kodi Anthu Akuthandizika?

Masiku ano banki, chipatala, sukulu ya ukachenjede ngakhale kampani yaing'ono yogulitsa katundu zimadalira seva, kompyuta imene imasunga zinthu ndi kuyankha makompyuta ndi mafoni ena kudzera pa netiweki. Seva ikaleka kuyankha, mzere umatalika pa kauntala, wogwira ntchito n'kumangouza anthu kuti netiweki yavuta. N'chifukwa chake oyang'anira maseva amaika mapulogalamu oti usana ndi usiku azifunsa sevayo ngati ilipo, n'kumalemba nthawi imene yatenga kuti iyankhe. Ntchitoyi imaoneka yophweka, moti ambiri amaimaliza pongoika pulogalamu imodzi yoonetsa kadontho kobiriwira zinthu zikamayenda ndi kofiira zikavuta. Koma kadontho kobiriwirako kamanena zoona za malo okhawo amene woyeza waima ndi za funso lokhalo limene wafunsa. Kuyeza kothandiza ndi kumene kumafunsa zimene munthu wogwiritsa ntchito sevayo amafuna, kuchokera kumene munthuyo ali, ndipo kumawerengeranso iwo amene adikira nthawi yaitali kuposa onse.

Mafunso awiri osiyana

Funso loyamba ndi la kupezeka: pa nthawi yonse imene seva imayenera kugwira ntchito, ndi gawo lalikulu bwanji limene anthu anatha kuifikira? Yankho limaperekedwa m'maperesenti, ndipo manambala ake amanyenga maso chifukwa onse amaoneka apamwamba. Chaka chili ndi maola 8,760. Seva yopezeka 99 peresenti ya nthawi ikhoza kukhala chizimire masiku oposa atatu ndi theka pa chaka. Ya 99.9 peresenti ikhoza kuzima maola 8 ndi mphindi pafupifupi 46, ya 99.99 peresenti mphindi pafupifupi 53, pamene ya 99.999 peresenti imaloledwa mphindi zisanu ndi masekondi ochepa chabe. Manambalawa amakhala ndi tanthauzo pokhapokha tidziwe kuti woyeza amafunsa pafupipafupi bwanji. Pulogalamu yofunsa kamodzi pa mphindi zisanu zilizonse siingaone seva imene yazima mphindi zinayi n'kuyakanso pakati pa mafunso awiri, choncho mwini wake alibe umboni wonenera kuti wafika pa 99.99.

Funso lachiwiri ndi la kuchedwa, kumene akatswiri amati latency. Apa timayeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, ndipo muyeso wake ndi milisekondi, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuchedwa n'kosiyana ndi bandwidth, imene ndi kuchuluka kwa data imene njira inganyamule pa sekondi imodzi. Makampani ogulitsa intaneti amalengeza bandwidth, koma njira ikhoza kukhala yotakata n'kukhalabe yochedwa. Pambali pa ziwirizi pali kusinthasintha kwa nthawi yodikira, kumene kumadula mawu pa foni ya pa intaneti, ndi kutayika kwa mapaketi, timagawo ting'onoting'ono timene uthenga umadulidwamo pa ulendo. Mafunso awiriwa amakumana pamapeto pake, pakuti kuchedwa kukanyanya kumasanduka kusapezeka: pulogalamu ya pa foni imatopa kudikira n'kulemba kuti zakanika, ndipo kwa kasitomala zilibe kanthu kuti yankho linali m'njira.

Kumene zida zoyezera zinachokera

Mu 1981 Jon Postel analemba malamulo a ICMP, njira imene makina a pa intaneti amatumizirana timauthenga tofotokoza mmene ulendo wa mapaketi ukuyendera. Mu Disembala 1983 Mike Muuss, amene ankagwira ntchito pa labotale ya asilikali a dziko la America, analemba ping potsamira malamulo omwewo. Ping imatumiza paketi yaing'ono yopempha yankho, n'kuwerenga nthawi kufikira yankholo litabwera. Patapita zaka zochepa Van Jacobson analemba traceroute, imene imaonetsa njira yonse. Paketi iliyonse imanyamula nambala imene router iliyonse, makina opatsirana mapaketi m'njira, imachotsapo 1 isanaipereke kwa inzake, ndipo nambalayo ikafika pa 0 router imataya paketiyo n'kudziwitsa amene anaitumiza. Traceroute imatumiza dala paketi ya nambala 1, kenako ya 2, kenako ya 3, motero router iliyonse ya m'njiramo imadziulula yokha pamodzi ndi nthawi yake.

Zida ziwirizi zimangonena mmene zinthu zilili pa mphindi imeneyo. Zida zotsatira zinabwera kudzasunga mbiri. SNMP, imene inatuluka mu 1988, inalola kufunsa makina a netiweki kuchuluka kwa data imene yadutsa. Tobias Oetiker wa ku Switzerland anatulutsa MRTG mu 1995 yojambula manambala oterowo pa galafu, kenako analembanso RRDtool ndi SmokePing. Ethan Galstad anatulutsa NetSaint mu 1999, imene inadzatchedwa Nagios mu 2002, ndipo inazoloweretsa anthu ambiri kulandira chenjezo chinthu chikafa. Pulogalamu ina yoyezera, Prometheus, inayambira ku kampani ya SoundCloud mu 2012. Bungwe la RIPE NCC linayambitsa RIPE Atlas mu 2010, pogawa timakina tating'ono toti anthu ongodzipereka alumikize m'nyumba ndi m'maofesi awo m'maiko ambiri, kuti intaneti iziyezedwa kuchokera kumene anthu amakhala. Pa zaka zonsezi funso lakhala likusuntha, kuchoka pa makina kupita kwa munthu wowagwiritsa ntchito.

Chimene chimachedwetsa uthenga

Choyamba ndi mtunda, ndipo ndalama sizingauchotse. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi mumlengalenga, koma m'chingwe cha fibre, chimene mkati mwake ndi galasi, kumayenda makilomita pafupifupi 200,000. Ndiye kuti makilomita 100 alionse a chingwe amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwerera. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000 molunjika, choncho ngakhale chingwe chikanayalidwa chowongoka, yankho silikanabwera asanakwane mamilisekondi 80. Zingwe zenizeni zimakhotakhota. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, motero data imayamba yayenda pamtunda kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania, Mozambique kapena Zambia isanalowe m'zingwe za pansi pa nyanja, ndipo nambala yeniyeni imakwera kwambiri kuposa 80. Ku Johannesburg, kumene ndi makilomita pafupifupi 1,500, malire apansi ndi mamilisekondi 15. Apa m'pamene pali phindu la malo osungira maseva amene Microsoft inatsegula ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020 ndi Google ku Johannesburg mu 2024, komanso la Malawi Internet Exchange ya ku Blantyre, kumene makampani a intaneti amapatsirana data ya m'dziko momwemo osaizungulitsa kunja. Setilaiti yoima pamalo amodzi ili pamtunda wa makilomita 35,786, ndipo funso ndi yankho lake zimayenda mtundawo kanayi, zimene zimadya pafupifupi theka la sekondi. Masetilaiti a Starlink, amene amazungulira pafupi kwambiri ndi dziko lapansi, amafupikitsa kwambiri gawo limeneli.

Chachiwiri ndi mzere wa mapaketi. Router ikalandira mapaketi ambiri kuposa amene njira yakutsogolo inganyamule, imawasunga kaye kuti adikire. Malo osungirawo akakhala aakulu kwambiri, mzere umatalika ndipo paketi iliyonse imachedwa, vuto limene Jim Gettys analitcha bufferbloat mu 2010. Limaoneka bwino mu ofesi imene ping yake imakhala yotsika m'mawa, koma imakwera kangapo konse munthu mmodzi akayamba kutumiza kanema wamkulu kapena makina akayamba kukopera mafayilo kunja. Kuyeza njira ili yopanda kanthu kumangopereka nambala yabwino imene ogwira ntchito saionako masana.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi chiwerengero cha maulendo. Msakatuli asanalandire chilembo choyamba cha tsamba lotetezedwa, pamafunika ulendo umodzi wotsegula kulumikizana kwa TCP, wina wogwirizana za chinsinsi cha TLS, ndi wachitatu wopempha tsambalo. TLS yakale inkafuna maulendo awiri pa gawo lake, kufikira TLS 1.3 ya 2018 inawachepetsa. Pa njira ya mamilisekondi 200, maulendo atatuwo akwana kale 600, tisanawerengere kufunsa DNS kuti dzina la tsambalo likuimira adiresi iti. Pulogalamu imene imafunsa seva yakutali mafunso 20 motsatizana, lililonse kudikira linzake, imataya masekondi anayi pa njira yomweyo. Bungwe likaona kuchedwa kotere limathamangira kugula bandwidth yowonjezera, koma palibe chimasintha, chifukwa vuto lili pa mtunda ndi pa kalembedwe ka pulogalamu. Kutayika kwa mapaketi kumawonjezera chipsinjo, popeza TCP ikaona kuti paketi yasowa imaitumizanso ndi kuchepetsa liwiro lake. Pa njira yaitali, kutayika kwa paketi imodzi kapena ziwiri pa 100 alionse kumafooketsa ntchito kwambiri, chikhalirecho kadontho kali kobiriwira. Pa kulankhulana kwa mawu, bungwe la ITU limalangiza kuti ulendo wa mbali imodzi usapitirire mamilisekondi 150 ngati anthu akufuna kucheza osadulana mawu.

Zimene avereji imabisa

Malipoti ambiri amapereka avereji ya nthawi yodikira, ndipo pamenepa m'pamene anthu ovutika amasowera. Tiyerekeze kuti seva yalandira mapempho 100, n'kuyankha 99 m'mamilisekondi 50 lililonse, koma limodzi latenga masekondi asanu. Avereji yake siifika n'komwe mamilisekondi 100, nambala imene bwana aliyense angasangalale nayo. Palinso choipa kuposa apa: mapulogalamu ena oyezera sawerengera mapempho amene akanika, motero zinthu zikafika poipitsitsa avereji imatha kutsika, chifukwa ochedwa onse agwera kunja kwa chiwerengero. Seva yoyankha msangamsanga kuti pachitika cholakwika nayonso imakongoletsa avereji. N'chifukwa chake akatswiri amasanja nthawi zonse kuyambira yochepa mpaka yaitali, n'kuyang'ana yapakati, ya pa 95 ndi ya pa 99 mwa 100, ndipo mapempho okanika amawawerengera paokha.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi pempho limodzi mwa 100. Yankho ndi lakuti munthu satumiza pempho limodzi. Kalaliki wa pa banki kapena wolembetsa odwala amatumiza mapempho ambirimbiri pa tsiku, ndipo tsamba limodzi limakoka zinthu zambiri nthawi imodzi, choncho pafupifupi aliyense amakumana nako kuchedwa kosowako. Jeff Dean ndi Luiz Barroso a ku Google anasonyeza masamu ake mu 2013: ngati seva iliyonse imachedwa kamodzi pa maulendo 100, ndipo pempho la munthu liyenera kudikira maseva 100 onse, mapempho 63 mwa 100 alionse adzachedwa. Mabungwe athu ambiri alibe maseva ochuluka chotero, koma masamuwo amagwiranso ntchito pa munthu mmodzi wotumiza mapempho 100 ku seva imodzi.

Woyeza aime pati?

Pulogalamu yoyezera imene ili m'chipinda chimodzi ndi seva imangotsimikiza kuti kachingwe ka pakati pawo n'kabwino. Mabungwe ambiri amathawira ku makampani akunja oyeza mawebusaiti, ndipo izi zili bwino kuposa kusayeza konse, koma makina a makampaniwo kawirikawiri amakhala ku Ulaya ndi ku America. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Tanzania, Kenya, Mozambique ndi Malawi. Seva ya bungwe la ku Malawi yokhala ku Ulaya sinazime tsiku limenelo, ndipo woyeza wa ku Ulaya komweko analibe choipa choti aone, pamene eni ake kuno ankavutika kuifikira. Seva yokhala ku Blantyre ikanaonetsa zosiyana: woyeza wakunja akanaliza belu, chikhalirecho makasitomala a m'dziko akuthandizika. Muyeso wa malo amodzi sungasiyanitse kufa kwa seva ndi kufa kwa njira. Pamafunika oyeza angapo, ena mwa iwo pa manetiweki amene anthu amagwiritsadi ntchito. Ku Malawi, kumene ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, izi zikutanthauza kuyezanso kudzera pa TNM ndi Airtel, osangodalira fibre ya mu ofesi.

Woyeza asadalirenso chinthu chimene akuchiyang'anira. Pa 28 Febuluwale 2017, gawo lina la S3, ntchito ya Amazon yosungira data, litavuta, tsamba la kampaniyo loonetsa ngati zinthu zili bwino linakanika kusintha kwa kanthawi chifukwa nalonso linkadalira S3. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, lamulo lina loperekedwa pa nthawi yokonza zinthu litadula netiweki yolumikiza malo awo osungira maseva. Maseva awo a DNS analeka kulengeza njira zowafikira, zida zambiri zofufuzira mavuto zinafa nawo limodzi, ndipo mainjiniya anachita kupita okha kumene kuli makinawo. Ngati makampani aakulu chonchi anagwa m'mbuna imeneyi, ofesi yaing'ono imene chenjezo lake limatuluka pa imelo kudzera pa chingwe chomwecho chimene chaduka ili pangozi yaikulu koposa. Chenjezo likhale ndi njira yachiwiri, monga uthenga wa pa foni. Woyezayo nayenso azitumiza chizindikiro kunja nthawi ndi nthawi chosonyeza kuti ali moyo, kuti akakhala chete wina adziwe, chifukwa magetsi akazima seva ndi mlonda wake zimatha kugona limodzi.

Pamene akatswiri amasiyana maganizo

Mkangano wakale ndi wa ping. Oikonda amati ndi yaulere, imapezeka pa kompyuta iliyonse, ndipo imasiyanitsa msanga vuto la netiweki ndi la pulogalamu. Zonsezi n'zoona. Otsutsa amati ma router ambiri amayankha ICMP pomaliza akatanganidwa, ma firewall ena amaitsekereza dala, ndipo koposa zonse, chimene chimayankha ping ndi maziko a kompyuta, osati pulogalamu imene anthu akufuna. Zili ngati kuodira pa golosale n'kumva kuti lowani: mwadziwa kuti muli munthu, koma simunadziwe ngati shuga alipo. Seva imayankha ping bwinobwino ngakhale database yake itafa, disiki itadzaza, kapena satifiketi ya TLS itatha nthawi. Ndiye ping isungidwe ngati chida chofufuzira gwero la vuto, koma chigamulo chakuti ntchito ikuyenda chichokere pa muyeso wochita zimene munthu amachita: kufunsa DNS, kutsegula tsamba, kuona ngati mawu oyembekezeka alimo, ndipo ngati n'kotheka kulowa ndi akaunti yoyesera.

Mkangano wina ndi wa pakati pa kutumiza mapempho oyesera ndi kuwerenga zochitika zenizeni za makasitomala. Mapempho oyesera amagwira ntchito ngakhale pakati pa usiku kulibe munthu, ndipo amafananitsika tsiku ndi tsiku, koma amangoyenda m'njira zimene wowakonza anaziganizira. Zolembedwa za seva zimaonetsa anthu enieni ndi mafoni awo enieni, koma sizingaone munthu amene sanafike n'komwe chifukwa njira yaduka. Pa tsiku loipa kwambiri, zolembedwazo zimangoonetsa kuti anthu achepa. Njira iliyonse imaona pamene inzake siiona, ndipo bungwe lokakamizika kuyamba ndi imodzi liyambe ndi mapempho oyesera ochokera kunja.

Pali kusiyananso pa muyezo woyenera kuufuna. Mainjiniya a ku Google, m'buku lawo la Site Reliability Engineering la 2016, ananena kuti kufuna 100 peresenti n'kulakwitsa, ndipo bungwe lisankhe muyezo wogwirizana ndi zofuna za anthu ake, n'kutenga gawo lotsalalo ngati mpata wololedwa wokonzera ndi kusintha zinthu. Ena amadandaula kuti maganizo amenewa amazoloweretsa ulesi. Dandauloli lili ndi mphamvu pa ntchito zokhudza moyo wa anthu, koma masamu ali kumbali ya muyezo woona mtima. Zinthu zitatu zodalirana, monga magetsi, chingwe ndi seva, chilichonse chili pa 99.9 peresenti, pamodzi zimapereka pafupifupi 99.7, amene ndi maola oposa 26 pa chaka. Kulonjeza zoposa apa popanda jenereta yodalirika ndi njira yachiwiri ya intaneti n'kudzinamiza. Njira yachiwiriyo nayonso iyenera kufufuzidwa, chifukwa makampani awiri osiyana akhoza kukhala akudutsa mu ngalande imodzi kapena kugula kwa mwini chingwe mmodzi, ndipo traceroute imathandiza kuona ngati njirazo zikukumana patsogolo.

Za machenjezo, pafupifupi onse amavomereza vuto lake ngakhale amasiyana pa mankhwala. Foni ikamalira pa paketi iliyonse yotayika, woyang'anira amazolowera kuinyalanyaza, ndipo tsiku la vuto lenileni amaiona mochedwa. Kudikira kuti muyeso ukanike katatu motsatizana, kapena kuti oyeza awiri a malo osiyana agwirizane, kumachepetsa phokoso koma kumachedwetsa chenjezo ndi mphindi zingapo. Mtengo umenewu ndi woyenera kulipira pa ntchito zambiri. Munthu adzutsidwe usiku pa zimene makasitomala akuzimva, ndipo zina zonse zidikire m'mawa pa galafu.

Kodi bungwe laling'ono lingakwanitse?

Chotsutsa chomaliza ndi cha ndalama, ndipo n'chomveka kwa sukulu, SACCO kapena chipatala chaching'ono chimene chili ndi munthu mmodzi wa zamakompyuta. Komabe zida zake si zimene zimadula. SmokePing, Zabbix, Nagios Core ndi Prometheus ndi zaulere, ndipo woyeza wa pa nthambi akhoza kukhala kompyuta yakale kapena kamakina ka Raspberry Pi kokhala ndi batire, kotumiza data yochepa kwambiri. Chodula ndi nthawi ya munthu woti aziyang'ana zotsatira, ndi mwambo wosunga mbiri kwa miyezi yambiri. Popanda mbiri palibe amene angadziwe kuti mamilisekondi 180 a lero ndi achilendo kapena ndi a masiku onse, kapena kuona kuti njira imadzaza nthawi yomweyomweyo mwezi ukamatha, anthu akamalandira malipiro. Mbiriyo ndiyonso umboni pokambirana ndi wogulitsa intaneti, amene muyeso wake nthawi zambiri umathera pa makina ake. Choncho inu amene mumasainira mgwirizano wa intaneti kapena wosungitsa seva m'malo mwa bungwe lanu, onetsetsani kuti mwalembedwa kumene muyeso udzatengedwere, pafupipafupi bwanji, ndi kuchedwa kapena kutayika kwa mapaketi kumene kudzawerengedwe ngati kuzima. Zimenezi zikapanda kulembedwa, nambala ya 99.9 ija simudzatha kuigwiritsa ntchito pokadandaula.